Damu, waya kapena dzuwa: ndalama yochepa ya boma iyambire pati kuno ku Tete?

Mukakwera chapa mumzinda wa Tete dzuwa litapendeka, kulunjika ku Vila Ulongwe, mdima umakupezani mutadutsa kale Moatize. Mukacheuka, kumbuyo kumakhala kuli ngwee, magetsi a kumigodi ya malasha akuwala ngati mzinda wina. Koma mukakhota pa Mussacama n'kuyamba kukwera mapiri a ku Angonia, malo ambiri m'mbali mwa msewu amangokhala bii, kupatula katochi apa, kababu ka sola pakhonde la golosale apo.

Mdima umenewu uli m'chigawo chomwecho chomwe muli Cahora Bassa, damu limene makina ake asanu amatha kutulutsa mamegawati 2,075. Madzi anayamba kudzaza nyanja ija mu Disembala 1974, ufulu usanabwere n'komwe, ndipo nthambo zikuluzikulu zochokera ku Songo zimayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukatula mphamvu pa siteshoni ya Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Ana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi zidzukulu, ndipo ambiri a iwo akuyezabe mankhwala a mdzukulu ndi tochi ya pafoni.

N'chifukwa chake ine ndikamva pa wailesi kuti boma liika ndalama pa mphamvu zosatha, za madzi, dzuwa ndi mphepo, sindifunsa ngati zili zabwino. Kuno nkhani imeneyo inatha kalekale, magetsi athu ndi a madzi chiyambire. Chimene ndimafunsa n'chakuti ndalamayo idzera njira iti, nanga ikathera pakhomo pa yani.

Tisanakangane za njira, tisuzumire kaye m'thumba. Boma lathu silili ngati mlimi amene wagulitsa fodya bwino ndipo akusankha pakati pa njinga yamoto ndi malata. Lili ngati mlimi amene wagulitsadi fodya, koma angongole amudikirira kale pabwalo. Ngongole zobisika zija, za madola pafupifupi 2 biliyoni, zimene zinatengedwa mu 2013 ndi 2014 m'dzina la makampani a boma a Ematum, ProIndicus ndi MAM, zitaululika mu 2016 zinathawitsa mayiko amene ankathira ndalama mwachindunji mu bajeti yathu. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba mu Okutobala 2017, imadya yake. Malipiro a ogwira ntchito m'boma anakwera itabwera ndondomeko yatsopano ya malipiro yotchedwa TSU mu 2022. Kuwonjezera apo anamondwe: namondwe Ana yekha, mu Januwale 2022, anadula mlatho wa pa Revubwe kuno kwathu, n'kukagumulanso malo opangira magetsi a Kapichira kutsidya ku Malawi. Ukachotsa malipiro ndi kubweza ngongole, zotsala zomangira chinthu chatsopano zimakhala nyenyeswa.

Ndiye pamene boma linapita kumsonkhano wa zanyengo wa COP28 ku Dubai kumapeto kwa 2023 ndi ndondomeko yosinthira mphamvu yofuna madola 80 biliyoni pofika 2050, palibe amene ankaganiza kuti ndalamayo ituluka m'thumba la ku Maputo. Chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka chimangopitirira pang'ono madola 20 biliyoni. Zambiri zidzachokera kwa amalonda akunja ndi mabanki. Choncho ndalama zilipo za mitundu iwiri. Pali ya amalonda, imene imanunkhiza phindu n'kulitsata yokha. Pali ya boma ndi ya thandizo, yochepayo, imene ntchito yake ndi kupita kumene wamalonda sangapondeko. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndalama yochepayo ikathamangira zonse, sifika paliponse.

Damu lina pa Zambezi

Njira imene imatchulidwa kwambiri ndi damu la Mphanda Nkuwa, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, loti lizitulutsa mamegawati 1,500. Mu Disembala 2023 boma linasainirana ndi gulu la makampani lotsogozedwa ndi EDF ya ku France, mmene mulinso TotalEnergies ndi Sumitomo ya ku Japan. Gululo litenga magawo 70 pa 100, EDM, kampani ya boma yogawa magetsi, ndi HCB, kampani yoyendetsa damu la Cahora Bassa, zigawana 30 otsalawo. Mtengo wake, kuphatikiza nthambo yopita kummwera kwa dziko, panthawiyo unkatchulidwa pa madola pafupifupi 5 biliyoni.

Ndisaname, ubwino wake ukuoneka. Madzi sagona usiku. Makina a damu amazungulira m'mawa, masana ndi pakati pa usiku, ndipo fakitale iliyonse yaikulu imafuna mphamvu yotero. Damu likamangidwa bwino limagwira ntchito mibadwo popanda kugulira mafuta. Anansi athu onse ali ndi njala ya magetsi: South Africa, Zimbabwe, Zambia, ngakhalenso Malawi, amene anamukokera nthambo ya makilomita 218 kuchoka ku Matambo kupita ku Phombeya ku Balaka. Malonda amenewo amabweretsa ndalama zakunja, ndipo HCB ndi imodzi mwa makampani amene amathira msonkho wochuluka m'thumba la boma. Nthambo yopita kummwera ingathetsenso chinthu china chamanyazi. Kwa zaka zonsezi mphamvu yambiri ya ku Songo yakhala ikupita kaye ku South Africa, kenako Maputo n'kumaitenganso kuchokera kumeneko, ngati munthu amene chimanga chake chimakagayidwa kwa mnansi iye n'kumakagulako ufa.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere yoyamba ndi mbiri yathu yomweyi. Ambiri tikukumbuka chisangalalo cha mu Novembala 2007, pamene dziko linalipira madola 700 miliyoni n'kutenga magawo 85 pa 100 a HCB m'manja mwa Portugal, mawu a pulezidenti wa nthawiyo Armando Guebuza oti "Cahora Bassa é nossa", kutanthauza kuti Cahora Bassa ndi lathu, ali pakamwa pa aliyense. Damu linakhaladi lathu. Koma kukhala mwini damu ndi kukhala ndi babu m'nyumba ndi nkhani ziwiri. Nthambo ya ku Apollo ndi ya mtundu woti sungaipatutse panjira. Ili ngati sitima ya malasha yopita ku Nacala: imadutsa pamudzi panu, mumamva phokoso lake, koma siima. Kuti mphamvu itsike kufika m'nyumba pamafunika siteshoni yochepetsera, mawaya apakatikati, thiransifoma, mapolo, mita. Zimenezi damu silibwera nazo. Zimagulidwa padera, ndipo n'zimene zakhala zikusowa kuno. Mamegawati sanasowepo m'chigawo cha Tete.

Nyerere yachiwiri ndi mvula. Chilala cha 2023 kulowa 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba mpaka anthu a ku Zambia ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ndipo nyanja ya Cahora Bassa nayo inaphwa kufika pamene sinafikepo kwa zaka zambiri. Mphanda Nkuwa silidzakhala ndi nyanja yaikulu yakeyake. Lidzadalira madzi amene Cahora Bassa yatulutsa, amene nawonso mbali yaikulu amadalira zimene zachitika kumtunda. Madamu atatu pa mtsinje umodzi ali ngati minda itatu m'dambo limodzi. Chaka chabwino nkhokwe zonse zimadzaza, chaka choipa zonse zimalira limodzi.

Ndiye pali anthu. M'mbali mwa mtsinje, m'madistrito a Marara, Chiuta ndi Cahora Bassa, muli asodzi, alimi a m'madimba, oweta mbuzi ndi osefa golide amene adzayenera kusamuka. Munthu wa ku Tete akamva mawu oti kusamutsidwa maganizo amathamangira ku Cateme. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 kuti ikumbe malasha ku Moatize, ambiri n'kuwapititsa ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje. Madandaulo a nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka anakula mpaka mu Januwale 2012 anthu anatseka njanji. Amene akufuna damu latsopano ayenera kuyamba wayankha anthu amene anaona zimenezo ndi maso.

Maganizo anga pa damuli ndi awa. Ngati lili ndi phindu monga akunenera, amalonda alimange ndi ndalama zawo ndi za mabanki awo, ndipo boma liime nji pa chipukuta misozi ndi pa gawo la mphamvu lotsala m'dziko. Koma magawo 30 aja sagwa kumwamba, EDM ndi HCB zidzayenera kuwapezera ndalama, ndipo metikali iliyonse yopita kumeneko ndi metikali imene sinagule thiransifoma. Choopsa kwambiri ndi boma kuikapo chikole, kulonjeza kuti zikavuta lidzalipira ndilo. Chikole chotero n'chimene chinatigwetsa m'dzenje la ngongole zobisika. Tisaiwalenso kuti pa Cahora Bassa pomwepo pali ganizo lakale lomanga nyumba yachiwiri ya makina kutsidya lakumpoto, ya mamegawati oposa 1,200, yosafuna nyanja yatsopano kapena kusamutsa mudzi. Siwonjezera madzi, koma imalola kutulutsa mphamvu yambiri pa maola amene anthu akuifuna kwambiri.

Minda ya dzuwa

Aliyense amene anakhalapo mumzinda wa Tete mu Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40, safunika kuuzidwa kuti dzuwa tili nalo. Dziko linayamba kale kulikolola m'zigawo zina: Mocuba ku Zambézia, mamegawati 40, mu 2019, Metoro ku Cabo Delgado mu 2022, Cuamba ku Niassa mu 2023, kumene anaikako ndi mabatire osungira. Kuno, Manje ku Chiuta ndi amodzi mwa malo amene anasankhidwa m'ndondomeko ya PROLER, mmene makampani amapikisana kuti amene atchule mtengo wotsika ndiye amange.

Munda wa mapanelo umamangidwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri, pomwe damu limadya zaka zambiri lisanayatse babu ndi limodzi lomwe. Ungathe kuuyamba waung'ono n'kumawonjezera. Kuipa kwake tonse tikukudziwa: dzuwa likalowa nawonso wagona, ndipo nthawi imeneyo ndi imene amayi akuyatsa magetsi, ana akutsegula makope. Megawati imodzi ya dzuwa pa chaka imapereka mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi megawati imodzi ya damu lokhala ndi madzi. Fumbi ndi kutentha kopitirira muyezo nazonso zimachepetsa mphamvu ya panelo, zimene ambiri sakhulupirira.

Koma kuno tili ndi mwayi umene ena alibe. Dzuwa likamagwira ntchito masana, damu lingathe kuchepetsa madzi otuluka, n'kuwasungira madzulo. Ndiye kuti nyanja ya Cahora Bassa ndi batire limene tinalipira kale. Chaka cha chilala, pamene madzi achepa, ndi chaka chomwecho chimene mitambo kulibe. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti minda ya dzuwa ndi yanzeru kuposa damu lachitatu ngati cholinga ndi kudzitchinjiriza ku chilala. Komabe iyinso ndi ntchito ya amalonda. Boma lingokonza malo, nthambo yolumikizira ndi mpikisano wachilungamo. Ndipo munda wa ku Manje, ngakhale utakula bwanji, pawokha sudzayatsa babu kumudzi wa ku Macanga kumene waya sunafike.

Waya, ndi chigayo cha malume

Malume anga ali ndi chigayo cha dizilo kumbali ya ku Domwe. Tsiku lina ndinkawafotokozera za mamegawati onsewa, ndili ndi changu cha munthu amene wangowerenga kumene. Anandimvetsera akupukuta girisi m'manja, kenako anati, "Mphwanga, ine za mamegawati sindizidziwa. Undiuze kuti waya wa trifásico, wotha kuyendetsa mota ya chigayo, ufika liti pano." Theka la ndalama imene amalandira pogayitsa imathera mu chigubu cha dizilo, ndipo mtengo wa mafuta ukakwera, amene amalipira ndi mayi wobwera ndi ndowa ya mphale. Mapolo a EDM ali pamtunda woyenda wapansi osakwana ola limodzi kuchoka pachigayopo.

Iyi ndi njira yachitatu: kukoka waya kuchoka pamene wafika kale. Boma linaitcha Energia para Todos mu 2018, ndi lonjezo loti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Pali zimene zachitikadi. Malinga ndi ziwerengero za boma, nthawi imeneyo amene anali ndi magetsi anali pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu, pomwe pano apitirira theka. Ndalama yolumikizira nyumba anaichotsa, ngakhale mawaya a m'nyumba, masoketi ndi mmisiri ukhala wadzilipirira wekha, ndipo kwa banja lodikira kugulitsa soya kamodzi pa chaka chimenecho si chinthu chaching'ono.

Njira imeneyi ilibe ulemerero. Palibe mtsogoleri wakunja amene amakwera ndege kudzadula riboni pa thiransifoma. Palibenso wamalonda amene angaikonde, chifukwa banja la kumudzi likalumikizidwa limagula Credelec, magetsi olipiriratu, ya mababu atatu, wailesi ndi kutchaja foni basi. Ndalama imeneyo singabweze mtengo wa mapolo msanga. N'chifukwa chake ndikunena kuti apa ndiye pamalo pa ndalama ya boma. Ndipo ku Angonia ndi Tsangano masamu ake amavomera kuposa kwina kulikonse m'chigawo chino, chifukwa midzi ndi yothithikana, kilomita imodzi ya waya imagwira makomo ambiri, ndipo anthu ali ndi ntchito yoti magetsi agwire: zigayo, makina okamulira mafuta a soya ndi mpendadzuwa, owotcherera zitsulo, mafiriji a m'magolosale, mapampu a m'madimba a mbatatesi ndi kabichi. Waya ukafika pa chigayo, umadzilipira wokha, ndipo nyumba zoyandikira zimakwera nawo pamsana.

Chondidandaulitsa n'chakuti nthawi zambiri timawerenga kuchuluka kwa nyumba zolumikizidwa, osati mphamvu ya magetsiwo. Thiransifoma imodzi ikasenzetsedwa nyumba zambiri kuposa msinkhu wake, madzulo babu limangofiira ngati khala la moto, firiji imalira koma osazizira, mota ya chigayo imangong'ung'udza osadzuka, pakuti mota podzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa ikamayenda. Onjezanipo akuba mawaya a kopa ndi mafuta a m'thiransifoma, mapolo odyedwa ndi chiswe, mphenzi za m'dzinja. Ndalama yokonzera zimenezi sioneka pa chithunzi, choncho ndi imene imayamba kudulidwa bajeti ikafinyika. Ine ndikanakhala wogawa, pa meticais 10 aliwonse okokera waya watsopano ndikanapatula ena osakhudzidwa, a kukonza basi.

Wina anena kuti, nanga msewu? Nanga mankhwala, nanga aphunzitsi? Funso limenelo ndi loona ndipo sindilinyoza. Mukafunsa mlimi wa ku Tsangano mu Febuluwale, galimoto ya mbatatesi itatitimira m'matope masiku awiri, adzasankha msewu, ndipo sanalakwe. Koma kulekanitsa magetsi ndi chipatala kumangotheka papepala la bajeti. Katemera amafuna firiji. Mzamba amafuna kuwala. Mphunzitsi wotumizidwa kumudzi kopanda potchajira foni amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka asanamasule n'komwe katundu. Choncho pamndandanda wa malo oyamba kulandira magetsi, chipatala chaching'ono, sukulu ndi mjigo wa pampu zikhale patsogolo pa nyumba ya wina aliyense, ngakhale ya a chefe do posto.

Kumene waya sudzafika msanga

Chigawo cha Tete n'chachikulu, pafupifupi masikweya kilomita 100,000. Ku Marávia, ku Zumbo, mkati mwa Chifunde, midzi ndi yotalikirana moti kukoka waya makilomita makumi angapo kukapeza makomo ochepa n'kutaya ndalama. Kumeneko njira zilipo ziwiri: kagulu ka mapanelo ndi mabatire kodyetsa msika umodzi ndi midzi yozungulira, kamene a FUNAE, bungwe la boma lofikitsa mphamvu kumidzi, amati mini-rede, kapena kasola ka pakhomo, ka mababu angapo ndi potchajira, kolipira pang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola.

Kasola ka pakhomo kachita zambiri mwakachetechete. Kachotsa chikoloboyi ndi utsi wake, kachepetsa ndalama ya mabatire a tochi, ndipo sikanadikire msonkhano wa nduna. Amalonda akukagulitsa okha. Boma lingowachepetsera msonkho wa pachipata ndi kuletsa zinthu zachinyengo zimene zimafa miyezi itatu. Koma tisadzinamize kuti kameneko ndi chitukuko chonse. Sikagaya, sikawotcherera khasu, sikaziziritsa nsomba za ku Zumbo. Mini-rede ndiyo ingathe zimenezo ikakula bwino, ndipo lamulo la 2021 linatsegulira makampani khomo loti azimanga ndi kugulitsa mphamvu kunja kwa waya wa EDM. Vuto ndi mtengo: popanda thandizo, yuniti ya mini-rede imadula kuposa ya EDM, ndiye wosauka wa kutali n'kumalipira zambiri kuposa wolemera wa m'tauni. Ngati pali pamene thandizo la boma lili ndi chifukwa chomveka, ndi pamenepa.

Koma ndili ndi chilonda pa nkhani ya sola, ndipo ndichinene. Pachipatala china chaching'ono cha kwathu, chimene sinditchula, anabwera anthu ndi galimoto zoyera, anakhoma mapanelo padenga, anaika mabatire m'kachipinda, kunavinidwa, kunadyedwa mbuzi. Zaka zitatu kunkawala. Chaka chachinayi mabatire anayamba kufooka, kenako anafa. Mapanelo ali pomwepo mpaka lero, abwinobwino, akuwotha dzuwa. Mlongo wanga anachira mwana wake wachiwiri m'chipinda chimenecho usiku, mzamba ataluma foni pakamwa kuti manja onse agwire ntchito. Titafunsa, anatiuza kuti pulojekiti inatha, ndipo ndalama ya mabatire siili m'bajeti ya wina aliyense.

Panelo limatha kukhala zaka 20 kapena kuposa. Batire la mtundu wakale, la asidi, m'kutentha kwa kuno limakhala zaka zochepa chabe. La lithium limapirira nthawi yaitali koma limadula pogula. Aliyense wogula sola ndi ndalama ya boma amadziwa zimenezi tsiku loyamba lomwelo. Choncho kugula mapanelo popanda kulemba amene adzagule batire lachiwiri, ndi amene adzakwere padenga kukonza, n'chimodzimodzi kugula ng'ombe wopanda khola kapena mbusa. Achinyamata athu amene amamaliza maphunziro a zamagetsi n'kumakayendetsa txopela, njinga zamoto za mawilo atatu zonyamula anthu, mumzinda akanatha kukhala amisiri a zimenezi, mmodzi pa posto iliyonse, ndi malipiro ake.

Pali chida chimodzi cha dzuwa chimene ndimachikonda chifukwa chimazemba vuto lonseli: pampu yothirira. Sifuna batire. Dzuwa likatuluka imakoka madzi kuthira m'thanki kapena m'ngalande, likalowa imapuma, ndipo madzi a m'thankiwo ndiwo nkhokwe yake. Alimi a m'madimba a m'mbali mwa Lifidzi ndi timitsinje tina ta kumapiri kuno amathera ndalama zambiri pa petulo wa mapampu m'chilimwe. Ngongole yofewa yogulira pampu ya dzuwa, yobweza pokolola, ingasinthe zambiri kuposa msonkhano uliwonse wa ku Dubai. Timitsinje tomweto, pamene timagwa pamathanthwe, tingathenso kuzunguza timakina tating'ono ta magetsi, ngakhale ambiri a ito timachepa madzi mu Okutobala, ndiye pamafunika kuyeza chaka chathunthu musanagule chitsulo.

Chimene sichitchulidwa kawirikawiri m'nkhani zonsezi ndi moto wa kukhitchini. Mphamvu imene banja la kuno limagwiritsa ntchito kwambiri si ya babu, ndi ya pamafuwa. Ngakhale mumzinda wa Tete, m'nyumba zoti Credelec ilimo, nyemba zimaphikidwa pambaula, chifukwa palibe amene angayerekeze kuziika pa chitofu cha magetsi maola atatu. Matumba a makala amene mumawaona atandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa ku Zobwe ndi wa ku Chiuta ndi nkhalango zathu zikupita m'tauni. Mapiri akayera, mvula sikhalanso pansi, imathamangira mu Revubwe tsiku lomwelo, ndipo zotsatira zake tinaziona pa mlatho. Mbaula zosunga moto, gasi wa m'mabotolo wotsika mtengo, mapoto a magetsi otsekera nthunzi amene amapsetsa nyemba msanga ndi mphamvu yochepa: zonsezi mtengo wake ndi kadontho poyerekeza ndi damu, ndipo phindu lake limagwera mayi amene amatsokomola ndi utsi tsiku ndi tsiku. Mwina n'chifukwa chake sizimveka. Amene amagawa bajeti si amene amakoleza moto.

Za malasha ndingonena pang'ono. Kwa zaka zambiri kunkamveka zomanga malo opangira magetsi a malasha ku Moatize ndi ku Benga, koma obwereketsa ndalama anabwerera m'mbuyo, ndipo mu 2021 ngakhale China inalengeza kuti yaleka kumanga malo otere kunja kwa dziko lake. Vale nayo inagulitsa mgodi kwa Vulcan n'kuchoka. Malasha akadakumbidwabe, fumbi lake anthu a ku Moatize akadalipumabe, ndipo pali kandalama kamene lamulo limati kabwerere kuno. Kuyambira 2013 madera a migodi amayenera kulandira 2.75 pa 100 ya msonkho wa zokumbidwa, ndipo kusintha kwa 2022 kunakweza gawo lonse kufika pa 10, pamene 7.25 ndi ya chigawo ndi madistrito. Poyerekeza ndi madola 5 biliyoni ndi ndalama yochepa, koma ndi yokhayo imene munthu wa kuno angaifunse pamaso, pa khonsolo ya distrito, kwa anthu amene amawadziwa mayina. Ikhoza kugula mathiransifoma, mabatire a zipatala, mapampu.

Ndinawauza malume kuti akapite kumsonkhano wotsatira akafunse za waya wawo wa trifásico. Anaseka, nati msonkhano umachitika Lachisanu, tsiku la msika, pamene chigayo chimadzaza kuyambira m'mamawa. Ndiye tinagwirizana kuti ndikapita ndine, iwo andilipirira chapa.